Scooter ya pa Chithunzi ndi Scooter Yofika Pakhomo

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera, pamaso pa mafumu, khansala ndi anthu a m'wodi.



Nkhani ya lero ndi ya njinga yamoto, koma osati ya kabaza ija imene aliyense amaiona pa siteji. Ndi ya njinga yaing'ono yotchedwa scooter, yopanda magiya osintha ndi phazi, imene woyendetsa amakhalapo ngati ali pampando, mapazi onse awiri ali pamodzi kutsogolo. Njinga imeneyi yayamba kukopa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ngakhalenso amayi ochita geni. Chifukwa chake n'chomveka: imamwa petulo wochepa, siivuta kuphunzira, ndipo mayi wovala chitenje amaikwera popanda kudzichotsera ulemu. Chovuta n'chakuti scooter siipezeka wamba m'masitolo a pa boma. Woifuna amayamba kuiona pa foni, pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo mwini wake amakhala ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg, mwinanso kutsidya kwa nyanja ku Japan.

Taganizirani za mphunzitsi wamkazi amene amapalasa njinga yakapalasa m'mawa uliwonse kupita kusukulu yakutali. Tsiku lina aona pa foni scooter yofiira, yonyezimira, pa mtengo wotsika modabwitsa. Wogulitsa ndi munthu waulemu pa lamya, amawatchula kuti "mayi" m'chiganizo chilichonse, ndipo akuti anthu ena atatu akuifunanso, choncho atumize theka la ndalama lero kuti awasungire. Mphunzitsiyo akongola ku banki mkhonde, awonjezerapo ndalama za mtedza wa chaka chino, natumiza. Funso loyenera kufunsa pa nthawi imeneyo ndi ili: kodi mayiyu wagula chiyani? Wagula chithunzi. Mwina scooter ija kulibe n'komwe, chithunzicho chinangotengedwa pa intaneti. Mwina ilipo koma si ya amene akuigulitsa. Mwinanso ilipo, ndi yake, ndipo idzafika, koma idzakhala yosiyana ndi yomwe inajambulidwa. Pa zonse zitatuzi chinthu chimodzi sichisintha: chiwongoladzanja cha ku banki mkhonde chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe ndalama zatuluka m'bokosi, osati tsiku lomwe scooter yafika pakhomo. Ndipo ndalama za m'bokosimo ndi za anansi, amene mayiyo adzakumana nawo ku mjigo ndi ku maliro.

Si onse ogulitsa akutali amene ali akathyali. Ambiri ndi anthu achilungamo ofuna kungogulitsa katundu wawo. Koma pa lamya wachilungamo ndi wakuba amalankhula mofanana, kotero wogula ayenera kukhala ndi njira yowasiyanitsira imene siidalira kukoma kwa mawu.

Njira imeneyo ndi nambala. Njinga yamoto iliyonse ili ndi dzina lobadwa nalo, lomwe ndi nambala ya chassis. Nambalayi imadindidwa pachitsulo cha njingayo ku fakitale, ndipo injini nayo ili ndi nambala yakeyake. Utoto umapakidwa wina, mapulasitiki amasinthidwa, nambala yakumbuyo imamasulidwa ndi sipanala m'kanthawi kochepa, koma nambala yodindidwa pachitsulo siisinthika popanda kusiya chipsera. Pa ma scooter ambiri imapezeka kuseri kwa kachivundikiro kakang'ono kutsogolo kwa mawondo a woyendetsa, pansi pa mpando, kapena pachitsulo cha m'munsi. Ngati pamalopo paoneka kuti panapalidwa, panawotcheredwa kapena panapakidwa utoto watsopano pokhapokhapo, zokambirana zithere pomwepo.

Wogula asakhutire ndi zithunzi zotumiziridwa, pakuti chithunzi sichinena tsiku limene chinajambulidwa kapena amene anachijambula. Apemphe kulankhula ndi wogulitsa pa foni ya vidiyo ataimirira pambali pa njingayo. Amupemphe alembe tsiku la tsikulo ndi dzina la wogula papepala, aike pepalalo pampando. Amupemphe ayandikitse foni pa nambala ya chassis ndi ya injini mpaka ziwerengeke. Kenaka agwire paipi yotulutsa utsi ndi dzanja, kusonyeza kuti injini njozizira, ndipo atatero ailize. Pamenepa pali chinsinsi: injini yotopa imalira bwino ikakhala yofunda kale, koma m'mawa ikazizira imaulula matenda ake onse. Utsi wabuluu wosalekeza pa injini ya four-stroke ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo. Mwini weniweni amachita zonsezi m'mphindi khumi osanyinyirika. Amene kamera yake imangowonongeka nthawi zonse, kapena amene njinga yake nthawi zonse ili "kwa achimwene ku Area 25", wayankha kale funso lomwe anafunsidwa.

Nambala ikaoneka, ifananizidwe ndi mapepala. Njinga yolembetsedwa m'dziko muno imakhala ndi chikalata cha umwini, chimene anthu amachitcha blue book, chochokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS. Nambala ya pachitsulo ifanane ndi ya m'chikalatacho, chilembo ndi chilembo. Dzina nalo lifanane m'malo atatu: m'blue book, pa chitupa cha unzika cha wogulitsa, ndi pa akaunti ya ku banki kapena ya pa foni imene ndalama zikupitako. Mayina atatuwa akasiyana, pafunika kufotokoza komveka, ndipo kufotokozako kuchokere pakamwa pa amene dzina lake lili m'blue book. Zimenezi si zongofuna kuvutitsa munthu. Kusintha dzina la mwini kumachitikira ku maofesi a DRTSS, monga a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo sikutheka popanda mwini wakaleyo kutengapo mbali. Munthu akagula kwa amene sadzapezekanso, amatsala ndi njinga imene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku koma kaundula wa boma akunena kuti ndi ya wina. Ikadzapezeka kuti inabedwa, apolisi amaitenga, imabwerera kwa mwini wake, ndipo wogula amafunsidwanso kuti afotokoze momwe katundu wakuba anafikira m'nyumba mwake. N'chifukwa chake kupita ndi nambala ija kupolisi kukafunsa, ndalama zisanachoke, ndi ulendo wosatayitsa nthawi.

Ngati wogulitsa ali m'dziko momwe muno, njira yoposa zonse njodziwika kale: munthu apite. Ngati sangathe, atume m'bale wokhulupirika wokhala m'tauniyo, atengane ndi makaniko amene wogulitsa sanamusankhe. Ambiri amaumira ndalama ya basi ndi ya makaniko, n'kutumiza ndalama zochuluka kuposa pamenepo kakhumi kapena kupitirira kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo scooter ndi mkuyu weniweni, chifukwa zitsulo zake zonse zimabisika m'mapulasitiki. Makaniko amayang'ana zimene kamera siionetsa: chitsulo chopindika chifukwa cha ngozi, dzimbiri m'thanki, mawaya olumikiza mwachisawawa, mashoko otuluka oyilo. Ndalama ziperekedwe pamaso pa mboni, pakhale kalata ya mgwirizano yolembedwa tsiku, mtengo, nambala ya chassis, nambala ya injini ndi nambala za zitupa za anthu onse awiri.

Nkhani imakula pamene njingayo ili kunja kwa dziko. Apa mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi umakhala chiyambi chabe.

Ambiri m'wodi muno ali ndi ana kapena abale ku South Africa, ndipo n'zachibadwa kuganiza kuti mwana agule scooter ku Johannesburg, aikweze pa lole ya anthu onyamula katundu wobwera kumudzi. Zimatheka ndithu. Koma loleyo imadutsa pa Beitbridge kulowa mu Zimbabwe, pa Nyamapanda kulowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzalowa m'dziko muno pa Mwanza kapena pa Dedza. Njinga yamoto si thumba la zovala loti lingobisika pakati pa mabulangeti. Imafunika chikalata chake cha umwini cha ku South Africa, lisiti yogulira, ndi chikalata cha apolisi a kumeneko chotsimikiza kuti sinabedwe. Mwana amene ali ku Joni akonze mapepala amenewa njinga isananyamuke, chifukwa ikafika kuno n'kovuta kuwabwerera.

Pa chipata cha dziko lino pali bungwe lotolera misonkho la MRA. Msonkho wa katundu wolowa suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha, koma pa mtengowo pamodzi ndi ndalama zonyamulira ndi za inshulansi ya paulendo. Mlingo wa msonkho umatha kusintha pamene boma lapereka ndondomeko ya zachuma ya chaka, kotero chanzeru n'kukafunsa ku ofesi ya MRA njinga isanagulidwe, atatenga mtundu wake, chaka chimene inapangidwa ndi kukula kwa injini. Pamakhala anthu olangiza kuti lisiti ilembedwe mtengo wotsika kuti msonkho uchepe. Malangizo amenewa ngoika munthu m'mavuto, pakuti a MRA ali ndi mphamvu yokana mtengo wokayikitsa, kuika wawo, ndi kulipiritsa chindapusa. Palinso ena amene amalonjeza kuidutsitsa m'njira zam'tchire usiku. Njinga yotere imafikadi pakhomo motsika mtengo, koma siingalembetsedwe chifukwa ilibe umboni woti inalipira msonkho. Imakhala njinga yoyenda mozemba, yothawa malo onse amene pali apolisi, ndipo mwini wake sangaigulitse pa mtengo wabwino kapena kuiika chikole pa ngongole.

Za ku Japan zili ndi zakezake. Kumeneko kuli ma scooter akale ambiri, osamalidwa bwino, monga Honda Dio ndi Yamaha Jog, ndipo mitengo yake pa intaneti imaoneka yotsika. Koma wogula ayang'anitsitse zilembo zitatu zimene zimalembedwa pambali pa mtengo. FOB ikutanthauza mtengo wa njinga itakwezedwa m'sitima pa doko la ku Japan, basi. CIF ikutanthauza mtengo wophatikiza ulendo wa pamadzi ndi inshulansi mpaka pa doko lotchulidwa, monga Dar es Salaam kapena Durban. Palibe mwa ziwirizi chimene chikufikitsa njinga m'Malawi. Kuchoka pa Dar es Salaam kukafika pa chipata cha Songwe ku Karonga pali mtunda wa makilomita pafupifupi 900, ndipo kuchoka pa Songwe kukafika ku Lilongwe pali ena oposa 600. Pa doko pali zolipira zake, pali wothandiza kutulutsa katundu woti alipidwe, ndipo katundu akachedwa kutulutsidwa amayamba kulipiritsidwa malo tsiku ndi tsiku. Katundu satuluka pa doko popanda chikalata cha sitima chotchedwa Bill of Lading. Pa galimoto zolipira zonsezi zimamira mu mtengo waukulu wa galimotoyo. Pa kanjinga kakang'ono zimatha kuposa mtengo wa njinga yeniyeniyo.

Kulinso nkhani ya ndalama zakunja. Wogulitsa wa ku Japan amafuna madola, ndipo madola sapezeka mosavuta m'mabanki a dziko lino. Pamene munthu akudikira, kwacha imatha kugwa. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mwa chitsanzo, njinga ya madola 600 imene inali K708,000 madzulo inasanduka ya K1,020,000 kutacha, popanda wogulitsa kukweza mtengo ndi tambala imodzi. Amene anali atapereka theka n'kumayembekeza kudzamaliza mwezi wotsatira anaumva ululu wake.

Funso lina limene anthu amaliiwala chifukwa cha chimwemwe ndi lakuti: kodi njingayi inapangidwira misewu yotani? Ma scooter ambiri otsika mtengo a ku Japan ali ndi injini ya 50cc. Ku Japan komweko lamulo limati njinga ya injini yotere ikwere munthu mmodzi yekha ndipo isapitirire liwiro la makilomita 30 pa ola. Inapangidwira kupita kusitolo pa msewu watala wosalala. Kuno idzasenzetsedwa mwini wake, mwana wasukulu ndi thumba la chimanga, n'kulunjika chitunda. Magudumu ake ambiri ndi a mainchesi 10, pamene a njinga za kabaza ndi a mainchesi 17 kapena 18. Gudumu laling'ono limagwera m'dzenje limene lalikulu limangolumpha, limamira mumchenga, ndipo m'matope a mwezi wa February mimba ya njingayo imakhula pansi. M'malo mwa tcheni, scooter imayendera lamba wa labala wobisika m'bokosi pambali pa gudumu lakumbuyo. Lambayu amatha, fumbi limafulumizitsa kutha kwake, ndipo akaduka njinga imaima pomwepo. Makaniko wa pa msika ali ndi tcheni, mabuleki ndi matayala a njinga za kabaza, koma lamba wa scooter ya ku Japan angafunike kuitanitsa ku tauni kapena kunja. Zina zakale ndi za two-stroke, zofuna oyilo wapadera wa 2T, ndipo woiwala kuthira oyiloyo amapsereza injini tsiku limodzi. Choncho munthu asanagule, apite kwa makaniko amene adzaikonze, amuonetse chithunzi, amufunse ngati amaidziwa ndiponso kumene zitsulo zake zimagulidwa.

Izi sizikutanthauza kuti scooter njosathandiza. Kwa wokhala pa boma kapena m'mbali mwa msewu watala, scooter ya 110cc kapena 125cc imagwira ntchito yabwino zaka zambiri. Kwa wa kumudzi kwenikweni, pali njinga ina yofanana nayo pang'ono yoyenera kuiganizira, ya mtundu wa Honda Super Cub, imene inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo pofika 2017 zinali zitapangidwa 100 miliyoni. Nayo imakweredwa mosavuta, ilibe kilachi yapamanja, koma ili ndi magudumu aakulu ndi tcheni wamba amene makaniko aliyense amamudziwa.

Kanyamulidwe nako kali ndi mwambo wake, kaya njinga ikuchokera ku Blantyre kapena ku Johannesburg. Petulo achotsedwe m'thanki, batire imasulidwe, magalasi oonera kumbuyo achotsedwe n'kukulungidwa paokha. Njinga iime chilili, yomangidwa ndi malamba mbali zonse, osati kugonekedwa cham'mbali pamwamba pa matumba. Ikagona, oyilo amalowa kumene sayenera kulowa, ndipo mapulasitiki amasweka, pamene mapulasitiki ndiwo ovuta kupeza kuposa zitsulo. Ijambulidwe mbali zonse isanakwezedwe. Dalaivala asayine pepala lolembedwa dzina lake, nambala ya galimoto yake, nambala ya chassis ya njinga ndi tsiku loyembekezeka kufika, ndipo atenge makope a mapepala oti aonetse apolisi panjira. Ndalama yake yonyamulira, kapena gawo lalikulu la iyo, alandire katundu atafika. Pa basi kapena pa lole wamba katundu amayenda popanda inshulansi pokhapokha wina ataigula, ndipo ikagwa panjira mlandu wake umatha ndi mawu akuti pepani.

Tsiku lofika limakhala lachisangalalo, ana amathamangira, anansi amasonkhana. Koma wogula adekhe kaye. Dalaivala asanachoke, agwade pambali pa njinga, atsegule kachivundikiro kaja, awerenge nambala ya pachitsulo mofananiza ndi ya papepala limene analemba tsiku la vidiyo lija. Ayang'ane ngati batire, magalasi ndi makiyi onse zilipo, ndiponso ngati matayala ndi omwe aja a pa chithunzi. Cholakwika chilichonse chilembedwe ndi kujambulidwa dalaivala ali pomwepo.

Zotsala n'zalamulo, ndipo nazo zimafuna ndalama zimene ziyenera kuwerengeredwa poyamba pomwe: kulembetsa njinga kapena kusintha dzina la mwini ku DRTSS, inshulansi yoteteza anthu ena pamsewu imene lamulo limakakamiza, laisensi ya woyendetsa, yomwe ndi A1 pa njinga zosapitirira 125cc ndi A pa zazikulu, ndiponso chisoti cha woyendetsa ndi cha wokwera kumbuyo. Munthu amene ndalama zake zonse zathera pa kugula ndi kunyamula amatsala ndi njinga yoimika pakhonde, kapena amaiyendetsa popanda mapepala mpaka tsiku la ngozi, pamene zolipira chipatala cha wovulazidwa zimagwera iye yekha.

Wina akaberedwa, asabise chifukwa cha manyazi. Apite kupolisi tsiku lomwelo ndi mauthenga onse a pa foni, nambala imene ndalama zinapitako ndi umboni wa kutumizako, adziwitsenso kampani ya foni kapena banki yake mwamsanga. Akauze a mfumu ndi anzake a m'gulu, pakuti nambala imene yabera mmodzi imakhala ikuimbira kale wachiwiri m'mudzi womwewo.

Pomaliza pali pempho kwa mafumu ndi kwa makomiti a banki mkhonde. Munthu akabwera kudzakongola ndalama zogulira njinga yamoto yakutali, komiti ili ndi ufulu womufunsa mafunso ndalama zisanatuluke m'bokosi. Nambala ya chassis ndi iti? Ndani waiona njingayo ndi maso? Dzina la m'blue book ndi la yani? Msonkho, ulendo, kulembetsa ndi inshulansi zawerengeredwa zingati, ndipo zichokera kuti? Mayankho alembedwe m'buku la gulu pambali pa dzina la wokongola. Mafumu nawo, akapemphedwa kuchitira umboni kalata ya mgwirizano wogulitsana njinga, aone kuti nambala ziwiri zija zalembedwamo asanadinde chidindo chawo.